Khosi Latsopano la Telesikopu ya Amalume

1. Nyumba ya anthu atatu ndi telesikopu

Amalume ake a Injiniya anali pulezidenti wa Bungwe la Oona Nyenyezi la mumsewu wawo. Bungwelo linali ndi mamembala atatu. Mmodzi anasamuka, wina anamwalira, koma amalume sanafufute aliyense m'kaundula chifukwa malamulo a bungwelo ankati membala amachoka polemba kalata. Kalata sinabwere.

Injiniya mwini wake anali mtsikana wa Folomu 3. Dzinali analipata ali ndi zaka khumi, tsiku limene anakonza wailesi yomwe inakanika akuluakulu anayi. Batire limodzi linali litalowa chozondoka. Iye analitembenuza, wailesi n'kuyimba. Kuyambira tsiku limenelo ankayenda ndi sikuludiraiva m'chikwama cha mabuku, kudikira kuti dziko limufunenso.

Ankakhala pamwamba pa sitolo ya nsapato: iye, mayi ake, ndi amalumewo, amene anapuma pa ntchito yokonza mawotchi. Zipinda zogona zinali zitatu. China chinali cha amalume, china cha Injiniya ndi mayi ake, chachitatu cha telesikopu.

Telesikopuyo amalume anaipanga okha. Inali mpope wamalata, wautali kufika pachifuwa cha munthu wamkulu, waukulu ngati ndowa, wokhala pa bokosi lamatabwa pomwe unkatha kuwerama ndi kudzuka. Kukamwa kwake ankavundikirako ndi chivundikiro cha poto. Pansi penipeni, mkati, munali kalilole wamkulu ngati mbale, wolowa pang'ono pakati. Ameneyu ndiye ankasonkhanitsa kuwala kwa nyenyezi n'kukuponya kumtunda, kumene kakalilole kena kakang'ono kankakukhotetsera pabowo la m'mbali.

Pabowo limenelo panali kapaipi komwe munthu amaikapo diso. Ukakalowetsa pang'ono kapena kukatulutsa, chithunzi chimayera kapena kuchita chimbuuzi. Kapaipiko amalume ankakatcha khosi.

Khosi lakalelo linachokera pansi pa sinki. Linkagwedera ngati dzino la mwana, ndipo kwa zaka zitatu amalume ankalinena kuti ndilo likuwononga kumwamba. Mwezi unkaoneka ngati wagwera m'madzi otsukira mbale. Nyenyezi zinamera ubweya.

Kenako dokotala wa maso anawauza kuti ali ndi ng'ala.

Amalume anaganiza sabata yathunthu, ndipo anagamula kuti olakwa ndi onse awiri, diso ndi khosi. Diso analipereka kwa dokotala. Khosi latsopano anakaliitanitsa kwa mnzawo wosula zitsulo.

2. Zimene ananena asananyamuke

Lachisanu m'mawa amalume anavala tayi, poti munthu sapita kukang'ambidwa diso ngati akupita kumsika. Mayi ake a Injiniya anali ataima kale pakhomo ndi chikwama cha zofunda. Mitambo inali itatsika, yolemera, koma mvula osagwa.

"Bwerani kuno, a Injiniya," anatero amalume.

Akamuitana mwaulemu chonchi, iye ankadziwa kuti zikubwerazo si zoseka. Analowa m'chipinda cha telesikopu. Amalume anaika dzanja pa mpope ngati mmene munthu amagwirira phewa la mwana wake pomupereka kwa mphunzitsi.

"Khosi latsopano lifika mawa. Ulilandire, uliike pashelefu, basi. Ndikudziwa kuti zala zayamba kale kuyabwa. Uzikande pakhoma.

"Khosi limenelo ndi lalikulu kuposa ili. Kuti likhale, bowo liyenera kukulitsidwa ndi tupa, ndipo pabooledwe mabowo ena anayi a mabawuti. Imeneyo ndi ntchito ya ola limodzi. Koma isanayambe pali ntchito ya tsiku lonse: kumasula kalilole, kumutulutsa, kumukulunga, kukamuika m'chipinda china, n'kutseka chitseko. Chitsulo chikamapalidwa chimagwetsa nyenyeswa, ndipo nyenyeswa zilibe ulemu. Zimapita pansi. Pansi pali ndani?"

"Kalilole."

"Kalilole wanga. Galasi limenelo ndinalipera ndi manja awa zaka ziwiri, pamwamba pa mgolo, ndikuzungulira mgolowo ngati munthu wotaya makiyi. Amayi akowa ankauza anthu kuti ndapenga."

"Sindinasiye," anatero mayi ali pakhomo.

"Nditamaliza ndinalitumiza kutali kuti akalipake siliva. Amene analipakawo anatseka kalekale. Ndipo manja amene analipera ndi awa ukuwaona akunjenjemerawa. Wina sadzakhalaponso. Wamva? Akawonongeka uyu, mpopewu ndi ndowa yopanda thako.

"Tsono umve ichi, chifukwa kusukulu sadzakuuzani. Kalilole wa kubafa siliva wake ali kuseri kwa galasi. N'chifukwa chake amayi ako amamukhula ndi nyuzipepala m'mawa uliwonse, iye osadandaula. Uyu siliva wake ali pamwamba, pamtetete, wopanda chomuphimba, wopyapyala kuposa nthunzi imene umasiya pazenera ukapuma. Fumbi lili pamenepo ndikulidziwa. Lakhalapo zaka zisanu ndi ziwiri ndipo silinabe nyenyezi ngakhale imodzi. Fumbi likagona sililuma. Limaluma ukalikoka.

"Kalilole ameneyu sapukutidwa. Sapukutidwa ndi nsalu, sapukutidwa ndi thonje, sapukutidwa ndi mtima wabwino. Chikagwerapo chinthu, kaya ndi buluzi wakufa, uchisiye. Uvundikire. Undidikire."

"Achimwene, basi itisiya," anatero mayi. "Dokotala sadikira pulezidenti."

Amalume anatenga ndodo yawo. Pa sitepe yoyamba anaimanso.

"Tibwera Lamulungu. Akandichotsa bandeji, choyamba chimene ndikufuna kuona bwinobwino si nkhope yanu, chemwali, musadzivute kudzola. Ndi kalilole wanga. Zaka zitatu ndakhala ndikumuona ngati mbale ya mkaka."

Anatsika pang'onopang'ono, ndodo ikufufuza sitepe iliyonse isanalole phazi kuponda.

3. A Mamilimita

Loweruka cha m'ma naini kunamveka munthu akukwera masitepe, akupuma ngati pampu ya njinga. Anali wosula zitsulo uja. Anthu ankawatcha a Mamilimita chifukwa ngakhale buledi ankamudula atayeza.

"Odi kuno! Apulezidenti alipo?"

"Ali kuchipatala, bambo. Anati ndilandire ine."

"Mulandire inu." A Mamilimita anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi ngati akumuyeza. "Chabwino. Koma chinthu ngati ichi sichiperekedwa ngati kabichi. Munthu ayenera kuona chimene walandira."

Anamasula okha pepala limene anakulungiramo khosilo. Izi tizinene poyera, kuti mlandu uliwonse ukhale ndi mwini wake: pepala sanamasule Injiniya.

Khosilo linali lokongola. Linali lonyezimira, lolemera m'manja, ndi timawilo tiwiri tamkuwa m'mbali. Ukapotoza kawilo, kapaipi ka mkati kankatuluka mwakachetechete, mosagwedera, ngati nkhono ikutulutsa mutu.

"M'tauni muno muli anthu atatu amene angapange ichi," anatero a Mamilimita. "Awiriwo ndinawaphunzitsa ndine, ndipo sindinawaphunzitse zonse. Tapotozani. Pang'ono! Si mpope wa madzi umenewo."

Injiniya anapotoza. Anapotozanso.

"Mabawuti ndi awa, anayi. Kapepala aka ndajambulapo pamene mabowo akhale. Ukakamata pampope, mwana wakhanda akhoza kuboola." Anaima, n'kuzindikira zimene anenazo. "Koma osati inu, a Injiniya. Mudikire eni ake. Ine ndakalamba ndi zitsulo, ndipo ndikuuzeni, amene amandiopsa pantchito si mbuli. Mbuli imaopa, imafunsa. Amandiopsa ndi amene anakhozapo kamodzi. Ameneyo akaona chitseko chokhoma amati kiyi ndi iyeyo. Ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo."

Anavala chipewa. Ali pakati pa masitepe anaponya mawu ena m'mwamba.

"Iyi si wailesi, mwamva? Mulibe batire loti mutembenuze!"

Anaseka mpaka pansi, n'kupitiriza kuseka mumsewu. Ankamveka mpaka atadutsa sitolo ya nsapato.

Injiniya anaika khosi pashelefu monga anauzidwira. Linakhalapo mphindi makumi awiri.

4. Thaulo ndi chikwama

Apa timuchitire chilungamo mtsikanayu. Sanali wopusa. Akanakhala wopusa, bwenzi ataopa.

Anayamba wayang'ana mabawuti atatu a kuthako kwa mpope, amene ankagwira kalilole. Amenewo sanawakhudze. Kalilole anali wolemera, ndipo amalume okha ndiwo ankadziwa kumubwezera molunjika. Ndiye anaganiza njira ina, ndipo njirayo inamusangalatsa kwambiri moti anayang'ana kukhomo ngati pali wina woti aione.

Anaweramitsa mpope mpaka unagona chopingasa. Anamasula kakalilole kakang'ono ka kumtunda, n'kukakagoneka m'kabati pakati pa masokosi. Anazula khosi lakale. Kenako anatenga thaulo lalikulu la kubafa, n'kulikankhira mumpope kupitirira bowo, mpaka linatseka njira yonse ngati chitsekerero cha botolo.

Nyenyeswa zimapita pansi. Chabwino. Nanga mpope ukagona, pansi ndi pati?

Panali kavuto kamodzi. Kumtunda kutachoka khosi ndi kakalilole, mbali imeneyo inapepuka, ndipo mpope unkafuna kudzuka wokha chifukwa cha kulemera kwa kalilole kuthako. Injiniya anaugwira ndi dzanja, unamvera. Anausiya, unayamba kukweza mutu. Ndiye anatenga chikwama chake cha mabuku n'kuchikoloweka kukamwa kwa mpope. Unagona phee.

"Basi," anatero. "Tsiku lonse la chiyani?"

Anamata kapepala ka a Mamilimita. Anadontheza mafuta a makina osokera pansonga ya choboolera, monga ankachitira amalume, n'kuboola mabowo anayi. Onse anakhala pamalo pake. Kenako anatenga tupa.

Kupala kunatenga nthawi. Malata ankalira mokwiyitsa mano. Kunja kunkada ngakhale inali isanakwane thwelofu, ndipo mphepo inkakankha zenera n'kulisiya, kulikankha n'kulisiya. Wa sitolo ya nsapato anagogoda denga lake ndi mtengo wa tsache kawiri. Injiniya anapitiriza.

Atayesa khosi latsopano pabowo, linalowa ngati linabadwira pomwepo.

Analichotsa kaye kuti ayeretse. Analowetsa mkono, n'kukoka thaulo pang'onopang'ono, kulipinda kuti lisataye kanthu. Linatuluka lakuda, lonyezimira. Anakalikutumula pazenera. Atasuzumira mumpope anaona kuti nyenyeswa zambiri zatsalira, zitandanda pamimba pa mpope ngati mzere wa nyerere. Sizinamudetse nkhawa. Zinali kutali ndi kalilole, ndipo ankati azisesera kunja ndi burashi akangomanga khosi.

Kumanga khosi kunkafuna sikuludiraiva. Ya amalume inali pathebulo, mapazi atatu kuchokera pamene anaima. Koma ntchito yaikulu ngati iyi munthu amaimaliza ndi chida chake.

Anakolowola chikwama.

Anali atawerama, dzanja lili m'thumba la chikwamacho, pamene anamva kaphokoso kumbuyo kwake. Sikanali kakakulu. Kanali ngati mchere ukuthiridwa m'mbale yachitsulo.

Atatembenuka, mpope unali utaima chilili, kukamwa kuli kudenga.

5. Kamodzi kokha

Anakwera pampando ndi tochi.

Pansi pa mpope panali nkhope yake, yaikulu, yozondoka, itachita mathothomathotho akuda kuyambira pachipumi mpaka pachibwano.

Foni inalira pabalaza. Inalira kasanu asanaipeze.

"Iwe, unali kuti?" Anali mayi. Kumbuyo kwawo kunkamveka mawu a mwamuna akuwerenga mokweza. "Akutitulutsa lero lomwe. Bandeji achotsa m'mawa uno. Amalume ako akuwerenga chikwangwani chilichonse m'chipatala muno. Awerenga cha kuchimbudzi, awerenga cha ozimitsa moto, panopa akuwerengera anthu odwala malamulo a nthawi yoonera odwala. Anamwino atopa nawo. Eko, akufuna akulankhule."

"A Injiniya!" Mawu a amalume anali a munthu amene wabwezeredwa zaka khumi. "Ukudziwa kuti dziko lili ndi m'mphepete? Chinthu chilichonse chili ndi pothera pake! Khosi lafika?"

"Lafika, amalume."

"Lili bwanji?"

"Ndi lokongola."

"Zonse zili bwino kumeneko?"

Apa panali khomo, ndipo linali lotsegula. Mawu ake anali ochepa: amalume, ndalakwitsa. Akanakalipa, inde. Akanakalipa mpaka wa nsapato kugogodanso denga. Kenako akanabwera, n'kumutulutsa kalilole, n'kumutsuka ndi madzi oyenda okha popanda chomukhudza, monga amachitira odziwa. Pa nthawi imeneyo kalilole anali asanavulale. Anali wakuda chabe.

"Zili bwino," anatero Injiniya.

"Tifika cha m'ma folo."

Wotchi ya pakhoma, imene amalume ankaisamala kuposa thanzi lawo, inkati kota pasiti wani.

Anabwerera m'chipinda. Ananyamula mpope pabokosi lake, n'kuuzondotsa, kukamwa pansi, n'kuugogoda pang'ono m'mbali. Nyenyeswa zinagwa pasimenti. Anaunikanso. Zambiri zinali zitachoka. Koma zija za pa choboolera, zonyowa ndi mafuta, zinakakamira. Zinalipo mwina makumi atatu, zina zopotana ngati tizikhadabo.

Anatenga paipi ya pulasitiki ya makina ochapira, n'kuilowetsa, n'kuuzira. Nyenyeswa sizinasunthe. Pakalilole panaonjezekera timadontho ta malovu.

Kota tu thu.

Anavundikira mpope ndi chivundikiro cha poto. Anatuluka, n'kutseka chitseko. Anakhala pabalaza, manja ali pamaondo. Uvundikire, undidikire: ziwiri zonsezi anali atachita, ndipo akanakhala pampandopo mpaka folo, mutu uno ukanathera pano.

Anakhala mphindi zisanu ndi ziwiri. Kenako anadzuka n'kuyamba kufufuza nsalu yofewa kuposa zonse m'nyumbamo.

Anaipeza m'kabokosi ka magalasi akale a amalume, kansalu kachikasu kopukutira mandala. Anakagunditsa patsaya. Kanali kofewa ngati khutu la mwana wa mphaka. Nsalu yopangidwira magalasi, anatero mumtima, si nsalu wamba.

Mkono wake sunkafika pansi pa mpope. Anamanga kansaluko kunsonga ya mtengo wa mopu ndi labala wa tsitsi.

"Kamodzi kokha," anauza chipinda.

Anatsitsa mtengo. Unagunda. Anaukoka pang'onopang'ono kuchokera kumanzere kupita kumanja, mopepuka, mwaulemu.

Tswii.

Kanali kaphokoso kochepa kwambiri moti akanakhala kuti akupuma sakanakamva.

Anaunika. Nyenyeswa zinali zitachoka pakati. M'malo mwake munali mizere isanu ndi umodzi yopyapyala, yoyera, yokhota pamodzi ngati podutsa chikhatho cha mphaka. Mafuta anali atapakika m'mbali mwake.

Mwina ndi mafuta chabe. Mafuta amachoka ukapukuta.

Anapukuta kachiwiri, mozungulira. Kachitatu anakanikiza pang'ono.

Atachotsa mtengo, sanafune kuunika. Anaunikabe. Nkhope yake inalimo, koma pakati pake, pamene panayenera kukhala mphuno ndi maso, panali kamtambo kotuwa, kozungulira, kofanana ndendende ndi kamene kanali m'diso la amalume dzulo m'mawa.

Zotsalazo anazichita mwaluso. Anabwezera kakalilole kakang'ono. Anamanga khosi latsopano, mabawuti onse anayi, osalimbitsa mopitirira. Anasesa kawiri, n'kukolopa. Thaulo analiviika m'ndowa. Kansalu kachikasu anakaponya pansi penipeni pa bini, n'kuthirapo masamba a tiyi. Anavundikira mpope, n'kutseka makatani.

Kuchokera pakhomo, telesikopu inali isanaonekepo bwino chonchi chiipangireni.

6. Diso latsopano

Mvula inayamba itangotsala pang'ono folo, madontho akuluakulu, otalikirana. Kenako pamasitepe panamveka mapazi a anthu awiri. Ndodo sinamveke.

Amalume analowa atainyamula kukhwapa ngati nyuzipepala. Anavula magalasi akuda amene anawapatsa kuchipatala. Diso lamanzere linali lotuwa monga kale. Lamanja linali lofiira m'mbali, lonyowa, ndipo pakati pake panali pakuda bii, poyera ngati madzi a m'chitsime.

Anaima pakati pa balaza n'kuzungulira.

"Khoma ili linang'ambika liti?"

"Chaka chatha," anatero mayi, akutula chikwama.

"Kalendala iyi ndi ya zaka ziwiri zapitazo."

"Munkati chithunzi chake n'chokongola."

"Ndi chithunzi cha matayala." Anatembenukira kwa mlongo wawo, n'kuwayang'ana nthawi yaitali. "Chemwali, inu mwakalamba liti?"

"Tsiku lomwe munayamba kupera galasi. Khalani pansi, dokotala anati musawerame, musanyamule kanthu, ndipo musakwiye."

"Ndikwiyirenji? Lero ndi tsiku labwino kuposa la ukwati wanga, pepani malemu akazi anga." Anakhala. "Ali kuti mwini nyumba? A Injiniya!"

Injiniya anatuluka kukhitchini ndi thireyi ya tiyi. Palibe anamutuma. Mayi ake anamuyang'ana.

"Mwana ameneyu wakolopa," anatero mayi. "Achimwene, wakolopa osauzidwa. Kapena akudwala."

"Ima pamenepo," anatero amalume. "Pafupi ndi zenera. Ndinakusiya uli kamwana ka masaya, zaka zitatu ndakhala ndikulankhula ndi chithunzithunzi. Ndikuone."

Anaika thireyi pathebulo n'kukaima pazenera.

Amalume anamuyang'ana akumwetulira. Anayang'ana chipumi, maso, chibwano. Anapukusa mutu ngati munthu amene wapeza ndalama m'jekete lakale. Kenako diso lija linakwera kutsitsi, n'kuima.

Kumwetulira sikunachoke nthawi imodzi. Kunachoka pang'onopang'ono, kuyambira m'mbali.

"Sendera."

Anasendera.

"Werama."

Ananyowetsa nsonga ya chala ndi lilime, n'kugunda tsitsi lake pamwamba pa khutu. Anabweza chalacho pafupi ndi diso, n'kuchitembenuzira kuwala kwa pazenera. Munthu ameneyu anatha zaka makumi atatu akutola timasikuluwu ta mawotchi tochepa kuposa njere ya shuga. Chimene chinali pachalapo sanachifunse dzina.

"Malata," anatero. "Opalidwa ndi tupa."

"N'chiyani, achimwene?" anafunsa mayi.

Mvula inali italimba tsopano, ikumenya zenera.

"Khosi lili pashelefu?"

"Ndalimanga, amalume. Ndimafuna mudzapeze zitatha. Lakhala bwino, mabowo onse anayi, silikugwedera ngakhale pang'ono, mukapotoza kawilo..."

"Sindikukayika. Manja uli nawo." Mawu awo anali otsika, aulemu, ngati akulankhula ndi kasitomala amene wotchi yake singakonzekenso. "Kalilole ndi wolemera. Unamunyamula wekha?"

Injiniya anayang'ana thireyi.

"Unakamuika m'chipinda chiti pamene umapala?"

Tiyi ankatuluka nthunzi. Pansi, wa nsapato ankakoka chitseko chake chachitsulo kutseka sitolo, ndipo phokoso lake linayenda m'khoma lonse.

Amalume anapukuta chala pa tayi. Anagwira mikono ya mpando n'kudzuka.

"Dokotala anati mupume," anatero mayi, koma mawu awo anali atachepa.

"Ndipuma. Chemwali, kanditsegulireni makatani m'chipinda cha telesikopu. Onse. Ndi getsi muyatse."

Mayi anayang'ana mwana wawo, n'kuyang'ana mchimwene wawo. Analowa. Kunamveka mphete za makatani zikukhulika pa waya, mbali ina, kenako inayo.

Amalume anayenda mapazi anayi n'kuima. Injiniya sanadziwe kuti wafikapo bwanji, koma anali ataima pakati pa khomo la chipindacho, manja atagwira mafelemu mbali zonse ziwiri.

Diso latsopano lija linamuyang'ana, ndipo linkaona zonse.

"Mwana wa mlongo wanga," anatero amalume. "Tapatuka."